Magazi pochita chimbudzi: yankho kwa achimwene a ku Linthipe

Achimwene ena a ku Linthipe andilembera kuti akatchima kuchimbudzi akumaona magazi ofiira, ndipo sanauzeko munthu, ngakhale akazi awo. Mawu omalizawo ndi amene andikhudza mtima.

Inenso zinandigwirapo, achimwene, nthawi imene ndinkagwira ntchito pa boma pa Dedza. Mukudziwa mmene kumazizirira mu June ndi July, chifunga chili tolo mpaka m'munsi mwa phiri. Madzi akumwa sindinkawayandikira n'komwe. M'mawa tiyi ndi buledi, masana tchipisi cha pachiwaya, usiku nsima ya ufa woyera. Chimbudzi chinkabwera patapita masiku, cholimba gwa ngati cha mbuzi, ine thukuta kamukamu m'chisanu chomwecho. Tsiku lomwe ndinaona magazi papepala miyendo inazizira. Adokotala atandiyeza anati kunjira kwang'ambika pang'ono chifukwa chotchima, ndipo kwa ena imakhala mitsempha yotupa, ija timati mudzi.

Koma nkhani ya ufa woyerayi imandipweteka. Timakonola chimanga, kuchiviika, gaga n'kupatsa nkhumba, pamene gagayo ndi amene amafewetsa chimbudzi. Mgaiwa tinausandutsa chizindikiro cha umphawi! Kabichi ndi nyemba zili mbwee pa Lizulu, galimoto zikututa kupita nazo ku Blantyre, ife eni ake kumangodyera kanyama kootcha. Ndiye pali aja ogulitsa mankhwala a mudzi m'mabotolo pamsika, osakuyeza n'komwe. Amadyera manyazi athu, ndipo ine sindiwakhulupirira ngakhale pang'ono.

Zoti muchite

Imwani madzi ambiri ngakhale kuzizire. Bwererani ku mgaiwa, ndiwo zamasamba, nyemba, mapapaya. Chimbudzi chikakupezani musachisunge, komanso musakhalitsemo mukutchima.

Komabe kuchipatala pitani sabata ino, poti magazi sayezedwa pa imelo. Likodzo la m'matumbo nalonso limatulutsa magazi, makamaka ngati mumasamba m'madzi a kunyanja, cha ku Mtakataka uko. Kamwazi naye amatero, ngakhalenso khansa ya m'matumbo. Magazi akachuluka, chimbudzi chikada bii n'kumananda, mukamamva chizungulire kapena kuonda popanda chifukwa, musadikire kuti kuche.

Ndipo alamu athuwo auzeni lero lomwe, mupitire limodzi kuchipatalako.