Zipere za ana zikana kutha: yankho kwa mayi wa ku Epworth

Mayi wina wa ku Epworth, kufupi ndi Harare ku Zimbabwe, wandilembera imelo. Ana ake awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 9, anakakhala tchuthi cha Disembala kwa agogo awo pa famu ina ku Mazowe, ndipo abwerako ndi zipere m'mutu. Wagula mafuta opaka ku famase, wapaka milungu itatu, koma tsitsi likupitirira kuthothoka. Akufunsa kuti bwanji ana a kumudzi ndi a m'mafamu amadwala zipere kwambiri, ndipo ngati iye akulephera kusamala ana.

Mayi, simukulephera. Zipere za m'mutu ndi matenda ofala kwambiri pakati pa ana a sukulu kuno ku Africa. Akatswiri ataphatikiza kafukufuku wa m'maiko ambiri a kuno anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana asanu aliwonse a sukulu ali nazo. Madokotala amazitcha tinea capitis, ndipo zimayamba chifukwa cha fangasi, kachilombo ka mtundu wa nkhungu, amene amadya tsitsi ndi khungu la pamwamba. Kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa mtundu umodzi wofala ndi Trichophyton violaceum, umene umachoka kwa munthu kupita kwa munthu. Palinso wina wochokera kwa amphaka ndi agalu, Microsporum canis, ndi wina wa ng'ombe, Trichophyton verrucosum, umene umagwira ana oweta ziweto ndi okonda kusewera ndi matole.

Matendawa amakonda ana a zaka zoyambira 3 kufika cha m'ma 14. Mwana akatha msinkhu, mafuta a pakhungu la m'mutu amasintha ndipo fangasiyu savutanso kwenikweni. N'chifukwa chake agogo amaona zidzukulu zonse zili ndi zipere iwo alibe kanthu. Koma wamkulu akhoza kukhala naye fangasiyu m'tsitsi popanda chizindikiro chilichonse n'kumapatsira ana.

Pa famu zinthu zimathandizana. Ana amagona anayi kapena asanu pa mphasa imodzi, mitu yogundana. Madzi akakhala akutali, kuchapa zofunda kumachedwa. Ndiye pali kumeta. Sukulu ikatsala pang'ono kutsegulidwa, ana amaima pamzere pansi pa mtengo, ometa n'kuwadutsa onse ndi lezala imodzi kapena makina amodzi osatsuka. Lezala imasiya timabala tosaoneka, ndipo fangasi wa pamutu woyamba amalowera pomwepo pa mutu wachisanu. Fangasiyu amatha miyezi ali moyo pa chipeso, pa chipewa ndi pa pilo. Musaganize kuti m'tauni muno mu Harare tapulumuka: ku Mbare ndi ku Dzivarasekwa nyumba n'zothinana ndipo ometa amalandira ana ambiri tsiku limodzi.

Tsopano za mafuta amene mukupakawo. Fangasiyu amalowa m'kati mwenimweni mwa tsitsi mpaka ku muzu, kumene mafuta opaka safika. Mafutawo amathandiza chipere cha pamkono kapena pankhope, koma cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa. Odziwika kwambiri ndi griseofulvin, amene anthu akhala akumwa kuyambira m'chaka cha 1958. Mwana amamwa tsiku lililonse kwa milungu 6 mpaka 8, nthawi zina kupitirira, ndipo mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana. Choncho tengani ana onse awiri ku kiliniki ya khonsolo yapafupi akawayeze sikelo, musagule mongoyerekeza. Muziwamwetsa atadya chakudya cha mafuta, monga phala la chiponde kapena mkaka, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi ndi mafuta. Alipo enanso otchedwa terbinafine amene dokotala angasankhe. Mayi woyembekezera asamwe griseofulvin.

Ena amalephera kumaliza mankhwala. Tsitsi likayamba kuphuka amaleka, ndipo pakatha mwezi zipere zabwerera. Malizani onse monga adzakuuzireni.

Chimene chimandipweteka mtima ndi zimene ana amapakidwa kunyumba. Ndaonapo kamnyamata kali ndi bala lofiira pakati pa mutu, khungu litapsa, chifukwa anakapaka mafuta a mabuleki a galimoto. Ena amapaka polishi wa nsapato kapena mankhwala otsukira mano. Makolo amachita zimenezi pofuna kuthandiza, koma mwana amangopsa, fangasi ali m'muzu momwemo. Pewaninso mafuta okhala ndi betamethasone ogulitsidwa m'misika: amaziziritsa kuyabwa, fangasi n'kumafalikira mwakachetechete.

Muonetsetse ngati pamutu patuluka chotupa chofewa, chopweteka, chotulutsa mafinya m'timabowo tambiri, mwanabere atatupa kuseri kwa khosi. Chimenecho sichithupsa choti muboole. Ndi thupi likulimbana kwambiri ndi fangasi yemweyo, ndipo mukachedwa nacho chimasiya dazi losameranso tsitsi. Chikaoneka pitani ku chipatala tsiku lomwelo.

Kunyumba, aliyense akhale ndi chipeso chake ndi thaulo lake. Zipeso ziviikeni m'madzi othira Jik, zofunda ndi zipewa muchape ndi madzi otentha n'kuzisita. Shampu ya ketoconazole kawiri pamlungu imachepetsa kupatsirana, ndipo ndi bwino nonse m'nyumbamo muziigwiritsa ntchito, koma siilowa m'malo mwa mapiritsi. Ana akayamba kumwa mankhwala azipita ku sukulu, palibe chifukwa chowatsekera m'nyumba.

Muwaimbirenso foni agogo ku Mazowe. Muwapemphe mwaulemu ayang'ane m'mitu mwa ana ena otsala pakhomopo, komanso mphaka ndi matole ngati ali ndi malo othothoka ubweya. Tchuthi cha Epulo chikafika, anawo muwamete kuno asananyamuke, ndipo m'chikwama mwa aliyense muikemo chipeso chake.