Mapadi otchipa ndi mtsetse wa ku Chikwawa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa ku Ngabu. Ali ndi Toyota Sienta, mabuleki ayamba kulira, ndipo akaponda chiwongolero chimanjenjemera. Makaniko wawauza kuti asinthe mapadi (tizidutswa tomwe timafinya disiki ukaponda buleki) ndi madisiki akutsogolo, koma ku shopu apeza mapadi amitundu itatu, otchipitsitsawo osafika ngakhale theka la mtengo wa odula. Akufunsa ngati kusiyanako kuli kwenikweni kapena ndi bokosi chabe.

Aphunzitsi, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Mundikhululukire kuti ndiyamba ndi nkhani yanga, chifukwa funso lomweli ndinadzifunsapo ine ndili chilili pa kauntala ya shopu ina mu Limbe, ndipo ndinasankha molakwika.

Nthawi imeneyo ndinali ndi Probox, ndimakatenga katundu wa m'golosale ku Blantyre kudzagulitsa kuno ku Nchalo. Unali mwezi wa Okutobala, fizi ya ana inali itandipsinja, ndipo mapadi anali atatha mpaka chitsulo kuyamba kukanda. Mnyamata wa m'shopumo anandiikira mabokosi awiri patsogolo. Limodzi linali ndi dzina la kampani, nambala ya chipangizo ndi dziko lomwe anapangira. Linalo linali ndi chithunzi cha galimoto basi. "Ndi zomwezo, bwana," anatero, "fakitale ndi imodzi." Mtima wanga unkafuna kumva mawu amenewo, ndiye ndinawakhulupirira msanga. Kwa milungu iwiri mapadiwo anagwira bwinobwino, chifukwa ndinkangozungulira pakati pa Nchalo ndi Dyeratu pomwe msewu ndi wa see.

Tsiku lomwe sindidzaiwala ndinkachokera ku Blantyre ndi mayi anga omwe ndinakawatenga kuchipatala, akazi anga atakhala nawo kumbuyo, ndiponso matumba asanu a simenti. Dzuwa linali paliwombo. Titayamba kutsika phiri, ndinachita zomwe ndinkachita nthawi zonse, phazi pa buleki osalichotsa. Titadutsa makona angapo kunamveka fungo, lija la chinthu chopserera. Akazi anga anafunsa ngati kuli otentha makala pafupi. Kona yotsatira ndinaponda, buleki inali yolimba ndithu, koma galimoto sinamve. Ndinaponda ndi mphamvu zonse, inangochepetsa pang'ono ngati ndaponda pa sopo. Kenako buleki ija inayamba kufewa, phazi kumalowa pansi. Mayi anga sanakuwe. Anangoyamba kupemphera chapansipansi m'Chisena, ndipo mawu amenewo ndimawamvabe ndikamadutsa pamalopo. Chomwe chinatipulumutsa ndi giya. Ndinakokera pa 2, kenako pa L, injini inalira ngati iphulika, ndipo ndinakoka buleki ya pamanja pang'onopang'ono mpaka tinaima m'mbali mwa msewu, Thabwa tisanafike. Utsi unkatuluka m'matayala akutsogolo onse awiri. Ndinakhala pamwala pafupifupi ola lathunthu, miyendo ikunjenjemera, osatha kuyang'ana mayi anga kumaso.

Makaniko wachikulire yemwe anamasula matayala tsiku lotsatira ndi amene anandiphunzitsa zomwe ndikulemba pano. Mapadi aja anali atasalala ngati galasi, m'mphepete akunyenyeka. Madisiki anali atasanduka abuluu. Iye anati buleki ntchito yake ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha, palibenso china. Blantyre ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Chikwawa ili cha m'ma 100. Kutsika konseko, pamodzi ndi kulemera kwa anthu ndi simenti, kumathera m'tizitsulo tiwiri takutsogolo, popeza mabuleki akutsogolo ndiwo amasenza gawo lalikulu la ntchito. Padi ikatentha kupitirira muyeso wake imasiya kugwira ngakhale buleki ikumveka yolimba. Kutenthako kukafika ku mafuta a mabuleki, mafutawo amawira, m'mapaipi mumapangika nthunzi, ndipo phazi limangolowa pansi. Ine zonse ziwiri zinandichitikira mu mphindi zosakwana zitatu.

Ndiye ndikamva munthu akunena kuti padi ndi padi, magazi amandiwira. Mwina kwa munthu amene galimoto yake imangochoka ku Area 47 kupita ku ofesi mu Lilongwe, mapadi opanda dzina angamusunge chaka osaona vuto. Ife a kuchigwa kuno tilibe mwayi umenewo. Kukaona dokotala wamkulu, kukatenga katundu, kukasiya mwana kusukulu ya mumzinda, zonsezi njira yake ndi M1 yomweyo, ndipo pobwerera phiri lija limatidikira. Onjezanipo kutentha kwathu. Inu a ku Ngabu mukudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40, moti mphepo yomwe imayenera kuziziritsa disiki imakhala yotentha kale. Wogulitsa mapadi opanda dzina kwa munthu amene wamuuza kuti amakhala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ine ndimamuona ngati wogulitsa mankhwala achinyengo. Sindibweza mawu amenewa.

Koma mlandu wina ndi wathu madalaivala. Kuli chizolowezi choipa chomwe chinakula mafuta atayamba kusowa ndi kukwera mtengo, chotsika phiri giya itachotsedwa, ati kupulumutsa petulo. Ndaonapo anyamata a ma Sienta onyamula anthu akuchita zimenezi galimoto itadzaza, ena atakhala m'buti, mbuzi ndi matumba pamwamba. Ukachotsa giya injini siithandizanso kugwira galimoto, katundu yense amagwera pa mapadi. Ndiponso galimoto zamakonozi zikamatsika zili m'giya phazi litachoka pa mafuta, kompyuta yake imadula petulo yokha, ndiye chomwe akupulumutsa palibe. Mugule mapadi a makampani odziwika ngati Akebono kapena Bosch, mukatsika motero adzapsa basi. China ndi chothira madzi pa matayala otentha munthu akangofika pansi. Ndimamvetsa, utsi umaopsa. Koma chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimatha kupindika kapena kung'aluka. Imani pamalo abwino, chizizire chokha.

Ndisaiwale za madzi osefukira. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, galimoto zambiri kuno zinayenda m'matope ndi m'madzi kwa milungu. Matope akalowa m'timapini tomwe kalipa (chitsulo chomwe chimafinyira mapadi pa disiki) imatsetserekapo, timachita dzimbiri n'kugwirana, ndipo padi imodzi imangokhalira kukhuza disiki. Mnzanga wa ku Bangula anasintha mapadi kawiri m'miyezi yochepa akudandaula kuti akumugulitsa zabodza, pomwe vuto linali pini imodzi youma. Makaniko wanu akamasula, muimirire pomwepo muone ngati mapadi onse atha mofanana. Imodzi ikakhala yopyapyala kuposa inzake, atsuke mapiniwo, apake girisi wa mabuleki, ndipo aone ngati timalabala tophimba sitinang'ambike.

Tsono mugule chiyani, aphunzitsi?

Pitani ku shopu ndi nambala ya chesisi, osati dzina la galimoto lokha, chifukwa ma Sienta ochokera ku Japan si onse ofanana zipangizo. Ngati n'kotheka tengani padi yakale mukayerekeze. Sankhani bokosi lomwe lili ndi dzina la kampani yodziwika ndi nambala yake, monga a Toyota enieni, Akebono, Advics, Nisshinbo, Bosch kapena Ferodo, ndipo dzinalo kapena nambala zioneke pa chitsulo cha padiyo, osati pa bokosi pokha. Mayina amenewanso amaberedwa, choncho mtengo ukatsika modabwitsa, kayikirani. Pa mitundu itatu mwaionayo, wapakati ngati uli ndi dzina lenileni ndi wokwanira. Akakufunsani za semi-metallic kapena ceramic, yomwe ndi mitundu ya zinthu zopangira mapadi, ine pa phiri lathuli ndimatenga semi-metallic. Amadetsa marimu ndi fumbi lakuda, nthawi zina amalira, ndipo amadya disiki msangako, koma kutentha amakupirira.

Za madisiki, kunjenjemera kwa chiwongoleroko kukusonyeza kuti nkhope ya disiki siili yofanana. Kawirikawiri pa disiki pamalembedwa MIN TH ndi nambala ya mamilimita, kutanthauza kuti isapyapyale kuposa pamenepo. Makaniko ayeze ndi chida, asangopapasa ndi chala. Ngati ikadali yochindikala bwino, akhoza kuipala pa makina. Ngati kupalako kuifikitsa pafupi ndi nambalayo, kapena ili ndi ming'alu, mizere yakuya, kapena mawanga abuluu, gulani zatsopano, chifukwa disiki yopyapyala imatentha msanga. Zoboola timabowo zija zisiyeni, zosalala wamba ndi zabwino pa Sienta. Musinthe mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, mapadi ngakhalenso madisiki, ndipo pokhala disikipo apale dzimbiri lonse asanamange yatsopano, apo ayi kunjenjemera kudzabwerera. Auzeni ayang'anenso kumbuyo, komwe ma Sienta ambiri ali ndi madiramu m'malo mwa madisiki. Mashu akumbuyo, omwe ali ngati mapadi a m'madiramu, akatha, akutsogolo amasenza zonse.

Mafuta a mabuleki asinthidwe ngati padutsa zaka ziwiri. Amayamwa chinyezi, ndipo DOT 3 (mtundu umodzi wa mafutawa) yomwe ikakhala yatsopano imapirira madigiri 205 imatha kuwira cha pa 140 ikamwa madzi. Onani zomwe zalembedwa pa chitsekero cha kabotolo kake, ndipo mugule botolo losatsegula.

Akamaliza kumanga, pondani buleki kangapo galimoto isanayende mpaka ilimbe. Kenako pezani malo opanda anthu ndi ng'ombe pakati pa Ngabu ndi Nchalo, muthamange pang'ono ngati 60, muchepetse mpaka pafupi kuima, mubwereze kasanu ndi katatu kapena kakhumi, kenako muyende ndithu kuti zizizire. Masiku oyambirira musapite nazo ku Blantyre mutadzaza katundu. Ndipo tsiku lomwe mudzatsike phiri lija, giya yotsika muilowetse muli pamwamba, kona yoyamba isanafike. Buleki muziponda ndithu kenako n'kusiya, osati kugonekapo phazi. Mukadzamva kafungo kopserera, ngakhale pang'ono, patukani pomwepo mudikire.

Mayi anga kuyambira tsiku lija sanakwerenso Probox ija popita ku Blantyre, mpaka ndinaigulitsa. Mukasintha mundilembere, mundiuze nambala yomwe makaniko wapeza pa madisiki anu akale.