Makhololo alibe TB, nanga bwanji adokotala akuiganizirabe?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti achimwene awo atupa mimba, akuwonda ndipo amadzuka usiku atanyowa ndi thukuta, koma makhololo atapimidwa sanapezeke ndi TB. Akufuna kudziwa chifukwa chimene adokotala akuiganizirabe nthendayi.

Amayi, adokotalawo sakulakwitsa. Tizilombo ta TB timatha kukhazikika m'matumbo, makamaka pomwe matumbo aang'ono amalumikizana ndi aakulu, m'kachikopa kokuta ziwalo za m'mimba, kapena mu kapamba, mapapo ali bwinobwino. Zikatero makhololo sanena kanthu, ndipo ngakhale chithunzi cha pachifuwa chimatha kuoneka choyera.

Kawirikawiri TB ya m'mimba sipezeka ndi kupima kumodzi kokha. Dokotala amasonkhanitsa maumboni angapo n'kuwaika pamodzi. Woyamba ndi sikani, yomwe imaonetsa madzi m'mimba, anabele otupa mkati, ndi timadontho takuda pa kapamba. Ngati madzi alimo, amawapopa ndi singano pang'ono. Madzi a TB nthawi zambiri amakhala achikasu chotuwirako, ndipo ku labu amapezeka ndi mapuloteni ochuluka komanso maselo oyera otchedwa lymphocyte. Pano mumvetsetse bwino: makina opimira TB a GeneXpert, omwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawavomereza mu 2010, amagwira bwino ntchito pa makhololo, koma m'madzi a m'mimba tizilombo timakhala tochepa kwambiri moti nthawi zambiri satipeza ngakhale nthenda ilipo.

Ndikukupemphani kuti achimwenewo ayezetsenso HIV, chifukwa kwa munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri pali kupima kwa mkodzo kofufuza TB kotchedwa LAM, komwe kumapereka yankho tsiku lomwelo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti matenda ena amatupitsa mimba mofananamo, monga chiwindi chowonongeka ndi likodzo, mowa kapena hepatitis B, komanso khansa. N'chifukwa chake zikakayikitsa amatumiza wodwala kuchipatala chachikulu kuti akadule kachidutswa ka mnofu kokaunika, womwe ndi umboni wodalirika kuposa wina uliwonse. Komwe izi sizingatheke msanga, dokotala akhoza kuyambitsa mankhwala potengera maumboni enawo. Mankhwalawo ndi aulere m'zipatala za boma ndipo amamwedwa kwa miyezi yosachepera 6, koma ngati pakutha miyezi iwiri mimba sinaphwe ndipo thupi silikubwerera, mubwerere nawo kuchipatala kuti akawaunikenso.