Laputopu ikudya bandulo: musaifomate musanaone kuti ikulankhula ndi ndani

Funso: Ndalemba MSCE ndipo ndikudikira zotsatira. Laputopu ya bambo, yomwe amasungira za bizinesi yawo, ikumaliza bandulo msanga ngakhale palibe woigwiritsa ntchito, ndipo antivayirasi imangotulutsa uthenga woti yatsekereza kulumikizana ndi adiresi ina yachilendo. Bambo akuti akaifomatitse. Ine ndikufuna ndiyese kaye ndekha chifukwa ndimalakalaka kudzaphunzira zachitetezo cha makompyuta. Ndiyambire pati, nanga ntchito imeneyi munthu angadyere?

Chemwali, apempheni bambo akubwerekeni laputopuyo Loweruka lonse isanapite kwa okonza. Kufomata kumachotsadi zoipa, koma kumafufuta ndi umboni womwe, ndiye simudzadziwa kuti chinalowa n'chiyani, chinadzera pati, ndipo chatulutsa chiyani. Komanso okonza ena akatha kufomata amaikamonso Office yosagula, ija amati ya crack, pomwe mwina vutolo linabwera ndi imeneyo.

Mwanditchulira zinthu ziwiri, ndipo mwina sizikuchokera kumodzi. Bandulo nthawi zambiri imathera Windows Update kapena OneDrive ikamakweza mafayilo mwakachetechete. Lowani mu Settings, Network & Internet, kenako Data usage, muona pulogalamu iliyonse ndi data imene yadya masiku 30 apitawa. Ngati wolakwa ndi Windows, ikani intaneti yanuyo pa metered connection, imene imauza Windows kuti izisamala data, nkhani yatha. Spyware yeniyeni, pulogalamu yozonda ndi kuba zinsinsi, siikonda kudya kwambiri. Pasiwedi ndi timawu tochepa, ndiye imatumiza pang'ono, n'kukhala chete, n'kutumizanso. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi uthenga wa antivayirasi uja, chifukwa ukusonyeza kuti m'makinamo muli chinachake chimene chikuyesa kuimbira mwini wake kunja.

Tengani kope ndi cholembera. Tsekani browser ndi mapulogalamu onse, lumikizani intaneti, mulembe resmon pa Start n'kutsegula gawo la Network. Pamenepo muona mayina a mapulogalamu amene akutumiza ndi kulandira, ndi adiresi imene iliyonse ikupitako. Musakhudze kanthu kwa mphindi khumi, muzingoyang'ana, n'kulemba chilichonse chimene chikutuluka n'kubweranso. Kenako tsegulani Command Prompt mulembe netstat -ano. Pamzere uliwonse wolembedwa ESTABLISHED, kutanthauza kuti kulumikizana kuli mkati, nambala yakumapeto ndi PID, yodziwira pulogalamu imene ikulumikizanayo. Ifunefuneni nambalayo mu Task Manager pa gawo la Details, mudine kumanja pa dzinalo, musankhe Open file location.

Apa ndiye pamene pali ntchito yeniyeni. Mayina ambiri amene muone ndi a Windows yomwe, ndipo oyamba kumene amachita mantha ndi svchost.exe chifukwa amaoneka ambirimbiri. Weniweni amakhala mu C:\Windows\System32. Mukamupeza mu AppData kapena Temp, kapena dzina lake lili ndi ziro m'malo mwa o, ameneyo ndi mlendo wovala yunifolomu ya eni nyumba. Musanamizikenso ndi port 443, nambala imene muione kumapeto kwa adiresi zambiri mu netstat, kuti poti ndi ya masamba a pa intaneti otetezeka ndiye zili bwino, akuba amadzeranso pomwepo. Fayilo yokayikitsayo itumizeni ku webusayiti ya VirusTotal, komwe antivayirasi zambiri zimaiyeza nthawi imodzi. Koma tumizani pulogalamu yokhayo, osati zikalata za bambo, chifukwa zotumizidwa kumeneko anthu ena ofufuza amatha kuziona.

Mukaipeza pulogalamu yoipayo, dulani intaneti. Kungoitseka mu Task Manager sikuthandiza, mukayatsanso makina ibwerera chifukwa inadzilembetsa penapake kuti izidzuka yokha. Autoruns, pulogalamu yaulere ya Microsoft Sysinternals, imaonetsa malo onsewo: zoyamba ndi Windows, ma service, ndi ntchito za mu Task Scheduler. Chotsani kachizindikiro pa mzere wokayikitsawo m'malo moufufutiratu, kuti mukalakwitsa muthe kubwezera. Onaninso ma extension a mu browser amene bambo sakuwadziwa. Mukatero yendetsani Microsoft Defender Offline scan, imene imazimitsa makina n'kusesa Windows isanadzuke, kenako Malwarebytes, pulogalamu ina yosesa zoipa, isesenso kachiwiri. Mawa lake tsegulaninso resmon, muyerekeze ndi zimene munalemba m'kope muja.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti zobedwa zabedwa kale. Pa foni kapena pa kompyuta ina yabwinobwino, bambo asinthe mapasiwedi, kuyambira wa imelo chifukwa ndi umene umatsegula maakaunti enawo, kenako wa kubanki ndi wa Facebook. Atulutse akauntizo pa zipangizo zonse ndi kuika chitetezo chachiwiri chija chotumiza nambala pa foni. Ngati kulumikizana kwachilendo kukubwererabe, pamenepo ganizo la bambo lija ndi lolondola: sungani zikalata ndi zithunzi zokha, mufomate, muikemo Windows yochokera ku Microsoft. Ngati makinawo ali pa Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwachizolowezi pa 14 October 2025.

Tsono za ntchito. Inde, munthu amadyera. Mabanki, makampani a mafoni ndi boma amafuna anthu otere, ndipo MACRA ili ndi gulu loona za ngozi za pa intaneti, Malawi CERT. Amene anadikira pasipoti mu 2024, boma litalengeza kuti makina osindikizira mapasipoti awalowerera akuba, akudziwa kuti nkhaniyi si yakunja kokha. MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya Computer Systems and Security, ndipo UNIMA, MUBAS ndi Mzuni zili ndi maphunziro a makompyuta amene angakufikitseni komweko. Mukapanda kusankhidwa, koleji ya makompyuta ya NACIT ilipo. Masamu ndiwo amayang'anidwa kwambiri posankha.

Ndisakunamizeni, ndi ochepa amene amangotuluka kusukulu n'kupatsidwa chitetezo cha banki. Ambiri amayamba ndi kukonza maprinta ndi kuyala zingwe za netiweki, ndipo musaione ngati ntchito yonyozeka, chifukwa munthu wosadziwa mmene netiweki yabwino imayendera sangazindikire yodwala. Podikira zotsatira, chitani Introduction to Cybersecurity yaulere ya Cisco Networking Academy. Mayeso a CompTIA Network+ ndi Security+ amalipiridwa m'madola, ndiye musawapanikize nawo bambo panopa. Kope lija lisungeni bwino. Ndikadakhala ine wolemba ntchito, ndikadatenga mtsikana wotha kufotokoza chimene anaona, chimene anakayikira ndi chimene anachita, kusiyana ndi wa masetifiketi asanu amene yankho lake ndi kufomata basi.

Anthu akadzamva kuti mumatha zimenezi, wina adzabwera ndi foni ya mkazi wake kapena ya chibwenzi kuti muikemo pulogalamu yomuzonda. Mudzakane, ngakhale atakhala wachibale. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a munthu popanda chilolezo. Ngakhale laputopu ya bamboyo, muyambe atavomera, ndipo makalata awo musawerenge. Zotsatira zikatuluka mundilemberenso, munditchulire mmene mwakhozera Masamu, tidzaone kolembera.