Za chotupa cha pakhosi pa amalume

Mayi aang'ono, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, netiweki ikuvuta kuno ku Ngabu. Funso lanu ndalimva, loti poti matenda a amalume adayambira kumunsi, kuchikhodzodzo, nanga chotupa cha pakhosichi chachokera kuti, kapena pali wina waikapo dzanja.

Ayi mayi, palibe wawalodza. Khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ikakula imayenda, ndipo kawirikawiri imathamangira m'mafupa: msana, chiuno, nthiti. N'chifukwa chake aja ankangodandaula msana, ife n'kumati ndi khasu la kudimba. Koma mwa apo ndi apo imakwera kudzera m'timisempha ta mwanabere, kuchoka m'chiuno, kutsata msana, mpaka kukatulukira m'kadzenje kaja ka pakati pa khosi ndi phewa, makamaka kumanzere. Ndi pomwe pali cha amalume. Ndidachigwira Loweruka, n'cholimba ngati nthudza yosapsa, ndipo iwo akuti sichipweteka. Sizichitikachitika, mwakuti kunoko munthu akatupa pakhosi aliyense amayamba waganiza TB.

Ndiye za kujambula zija mukuti n'kungotaya ndalama, ayi ndithu. Magazi aja a PSA amangosonyeza kuti mwina matenda akula, sanena kuti afika pati. X-ray imaonetsa mafupa ndi mapapo. CT scan, makina aja munthu amagona n'kulowetsedwa m'chibowo chozungulira, ndi imene idaonetsa anabere otupa atandandalika kuyambira m'chiuno mpaka pakhosi. Kunja, monga ku South Africa ndi ku India, kuli ina ya PSMA PET yoona ngakhale tating'onoting'ono, koma tisayambe taganiza za imeneyo. Chatsala n'kudula kanyama pachotupapo kuti akapime, atsimikize kuti si TB.

Chithandizo chilipo. Khansa imeneyi imadya mphamvu yachimuna yochokera kumachende, pepani mawuwo, ndiye madokotala amaitseka ndi jakisoni kapena opaleshoni yaing'ono, zotupa n'kuphwa, ululu n'kuchepa. Kuchiziratu ayi, sindikunamizani.

Chimodzi chokha mundigwirire: miyendo ikayamba dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ukatsekeka, musadikire tsiku lomwe adawalembera. Mwina ndiye kuti khansayo yapanikiza mtsempha wa mumsana, muthamange nawo tsiku lomwelo.

Lachiwiri tikumane pa Nchalo 5 koloko m'mawa, tikwere phiri dzuwa lisanayambe kuwotcha, tikafike ku Queens msanga. Musaiwale buku lawo la kuchipatala ndi CD ija ya sikani.