Mpeni wozungulirawo uyambe wadikira, mphwanga

Mnyamata wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo. Akufuna kupanga kaloboti komenyana ndi tinzake, kokhala ndi mpeni wozungulira ngati zomwe amaonera pa YouTube, koma bambo ake akuti ndi zachibwana. Akufunsa poyambira. Mawu akuti zachibwanawo ndi amene andikhazika pansi usiku uno.

Mphwanga, ine ndinakulira konkuno ku Kasungu, ndipo galimoto yanga yoyamba inali ya mawaya, matayala odula ku mapatapata akutha, chiwongolero chofika m'chiuno. Ndi pomwepo ndinadziwira kuti waya wa matayala ukapindika pang'ono, galimoto imangothamangira kutchire. Mpaka lero ndikamalumikiza timamota, manja anga amakumbukira zomwezo. Ku Wimbe kuno, William Kamkwamba atayamba kutola zitsulo zotayidwa n'kumangirira dainamo ya njinga pa nsanja ya mitengo kuti mphepo imupatse magetsi, anthu ankati ndi misala. Choncho mawu a bambo anuwo si achilendo, tinawamvapo tonse.

Koma pa nkhani ya mpeni, ine ndili mbali ya bambo anu, ndipo sindisintha. Kaloboti kanga koyamba ndinakaika kachitsulo kosongoka uku ndi uku, pa mota yomwe ndinachotsa mu printa yakufa. Ndinakayesera pakhonde. Kanalira bwino kwambiri, mpaka mtima kuti myaa. Kenako bawuti inamasuka, kachitsulo kaja kanauluka n'kukaboola chidebe cha madzi, pafupi penipeni ndi pomwe mwana wa mlongo wanga amasenda mtedza. Madzi ali chuu, ine ndangoti kakasi. Mayi akunyumba sanakalipe, anangonyamula bokosi langa la zipangizo n'kukaliika kukhola la nkhuku, ndipo linakhala komweko mwezi wathunthu.

Anthu amasirira za BattleBots, mpikisano wa pa TV wa maloboti omenyana ku America, osaona kuti maloboti ajawa, ena olemera makilogalamu 113, amamenyanirana m'chibokosi chotchingidwa ndi pulasitiki wolimba woonekera, wochindikala, wotchedwa polycarbonate, oyendetsa ali kunja. Inu chibokosi chotere muli nacho? Ine ndilibe. Wopanga mpeni asanapange chotchingira, kwa ine sakonda maloboti, akungofuna phokoso.

Za batire nazo musazitenge mwachibwana. Tsiku lina magetsi atazima ndinaiwala batire ya LiPo, mtundu wa batire yotchaja yomwe timaika m'timaloboti, pa chaja yotchipa ya pamsika. Magetsiwo anabwera pakati pa usiku, ndipo pomwe kumacha batire inali itafufuma ngati mandasi, pamphasa. Selo imodzi, kachigawo kamodzi ka batire yotereyi, siyenera kupyola mavoti 4.2, ndipo yofufuma kapena yobooka imatha kuyaka moto. Panopa ndimatchajira pasimenti, ndili maso.

Tsono muyambire pati?

Yambani ndi kakang'ono. Ku Britain kuli gulu la timaloboti tomenyana lotchedwa antweight, tolemera pafupifupi magalamu 150. Pezani timamota tiwiri ta N20, kabodi ka DRV8833 koyendetsa timamotato, ndi bodi ya ESP32, ubongo wa kalobotiko, yomwe ili kale ndi Bluetooth moti mutha kuyendetsa ndi foni. Thupi dulani ku chigubu chakale cha mafuta ophikira, pulasitiki wake amapindika koma sasweka msanga. Kutsogolo kukhale kopendekeka ngati khasu, kokhudza pansi, kuti kazilowa kunsi kwa kanzake n'kukakankhira kunja kwa bwalo. Matayala kulungani ndi mphira wa chubu cha njinga. Kuwotcherera mawaya kaphunzireni kwa okonza mafoni pa boma, muwagulire fanta.

Kakayamba kuyenda, jambulani bwalo pasimenti ndi khala, muike chitini chopanda kanthu pakati, foni muwapatse bambo anu. Malume anga, omwe ankandiseka kuposa onse, ndinawachita zomwezo, mpaka nsima inawazizirira akulimbana ndi chitini cha Kiwi.