Musanatumize ndalama za akaunti imeneyo, werengani kaye izi

Achimwene, ndaona anzathu ambiri muno akukulimbikitsani kuti K150,000 ndi mtengo wabwino pa akaunti ya eFootball, masewera a mpira a pafoni aja, yokhala ndi Ronaldinho ndi Vieira, ndiponso kuti mukadzatopa nayo mudzaigulitsa n'kupezapo kenakake. Ine ndikuti musatumize ndalamayo. Ndikulankhula monga munthu amene anagulapo akaunti, n'kuthiramo ndalama zake, n'kuigulitsanso, kenako n'kutchedwa mbava pamaso pa makasitomala ake chifukwa cha kuba kwa munthu wina. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Yanga ndinaigula mu 2023 kwa mnyamata wina wa m'gulu la WhatsApp logulitsirana maakaunti, ndipo musaganize kuti ndinachita zinthu mwachimbulimbuli. Ntchito yanga ndi yokonza mafoni, ndili ndi kashopu ku Chibavi mu Mzuzu, choncho nkhani za imelo ndi pasiwedi ndimazidziwa kuposa ambiri amene akukulangizani pano. Tinakumana maso ndi maso m'tauni pafupi ndi depoti, admini wa gululo alipo monga mkhalapakati, ndipo iyenso analandira yake pa ntchito imeneyo. Ndinalowa mu akauntiyo pafoni yanga iwo akuona, ndinasintha pasiwedi ya Konami ID (njira yolowera ya kampani ya Konami, eni masewerawa), ndinaikapo imelo yanga, ndinasewera mpira umodzi pomwepo kuti nditsimikize, ndiye n'kutumiza K120,000. Dzina limene linatuluka potumiza linali lachizimayi, koma mnyamatayo anati nambalayo ndi ya amayi ake chifukwa yake inali ndi vuto, ndipo admini anagwedeza mutu kuvomereza. Tinagwirana chanza, iye n'kunditchula kuti akulu.

Za ndalama zimene zimalowa pambuyo pogula palibe amene wakuuzani, ndiye ndikuuzeni ine. Akaunti ya osewera akuluakulu imakupatsa njala yofuna ena. Kawirikawiri amatulutsa bokosi latsopano la osewera 150, ofunikawo ali atatu okha, ndipo kukoka kamodzi, kutanthauza kutulutsamo wosewera mmodzi mwamwayi, ndi makoini 100, ndalama za m'masewera zimene umagula ndi ndalama zenizeni. Ukakoka kangapo osapeza kanthu, mtima umakuuza kuti amene ukumufunayo watsala pafupi, ndipo kusiyira panjira kumaoneka ngati kutaya zimene walowetsa kale. Makoini amenewa mtengo wake umatsatira dola. Ambiri a ife tilibe khadi lakubanki lotha kulipira kunja nthawi iliyonse, makamaka ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumeneku, choncho timadutsira kwa anthu ogulitsa makoini amene amawerengera dola pa mtengo wa pamsewu n'kuonjezerapo phindu lawo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 tinadandaula, koma itatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, makoini omwe aja anayamba kudya ndalama imene kale inkakwana katundu wa pashopu wa sabata yathunthu. Pa zonsezi bandulo ya intaneti sitinaiwerengere. Ndalama zimene ndinathira mu akaunti imeneyo zinaposa zimene ndinaigulira.

Chifukwa cha kukwera kwa zinthu komweko, chaka chotsatira ndinaganiza zoigulitsa kuti ndionjezere mpamba. Anabwera mnyamata wophunzira ku Luwinga, waulemu wake, amene ankakonzetsa foni kwa ine, ndipo tinagwirizana K200,000. Anandiuza yekha kuti gawo lina la ndalamazo linali la chakudya chake cha mwezi umenewo. Ndinamupatsa zonse, anasintha pasiwedi ndi imelo ine ndikuona, monga momwe ndinachitira ine pogula paja, ndipo ndalamayo ndinakaodera magalasi ndi mabatire a mafoni.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali Loweruka la mu June, kukuzizira komanso kukuwaza kamvula ka kuno kosatha kaja. M'shopu munali anthu odikira mafoni awo, ndipo ine ndinali nditatsegula foni ya mayi wina wogulitsa kaunjika, kautale kowotcherera kali m'manja. Mnyamata wa ku Luwinga uja analowa osapereka moni, pambuyo pake pali amalume ake, bambo wamkulu wovala jekete lakuda, ndi anzake awiri a kusukulu amene anaima pakhomo ngati akuopa kuti ndithawa. Anaika foni patebulo langa pamwamba pa timasikuluwu ta foni ya mayi uja, tina n'kugwera pansi, nanena kuti ndione ndekha. Masewera ankatseguka koma timu yake munalibe, ndipo atayesa kulowa ndi imelo yake ankakanidwa. Amalumewo sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Anandifunsa modekha, aliyense akumva, kuti, “Bambo, kodi ntchito yanu pano ndi yokonza mafoni kapena yobera ana asukulu?” Ndinayamba kufotokoza za munthu amene anandigulitsa, za admini, za malisiti, koma pamene ndinkafotokoza ndinkadzimva ndekha kuti ndikulankhula ndendende ngati wakuba amene wagwidwa, chifukwa wakuba aliyense amatchula munthu wina amene palibe. Manja ankanjenjemera moti ndinalephera kutsegula foni yanga kuti ndiwaonetse mauthenga akale. Mayi wa kaunjika uja anaimirira n'kunena kuti ndimubwezere foni yake momwe ilili, yosatsekayo, akakonzetsa kwina. Ndinamukulungira foni, batire ndi timasikuluwu timene ndinatola pansi mu kapepala, iye n'kutuluka osayang'ana m'mbuyo. Anyamata a kabaza amene amaima pafupi ndi shopu anali atasonkhana pawindo, wina akujambula ndi foni.

Amalume aja ananena kuti akufuna ndalama yonse pofika Lolemba, apo ayi tikaonana kupolisi, ndipo sindingawanene chifukwa anali m'chilungamo chawo. Ndalamayo inali itasanduka katundu kale. Ndinagulitsa makina anga otenthetsera magalasi pa mtengo wozizira, ndinakongola yotsalayo kwa mlamu wanga ku Zolozolo, ndipo mayi a kunyumba anamva nkhaniyi kwa anthu kumsika ine ndisanafike pakhomo. Munthu wokonza mafoni amadya chifukwa chokhulupiridwa, popeza anthu amamusiyira zithunzi zawo, mauthenga awo, ngakhale njira zolowera ku ndalama zawo. Kwa miyezi ingapo pashopu panali zii, ndipo mpaka lero alipo amene akadutsa amalozerana.

Tsono imvani za mbava yeniyeniyo, mnyamata amene anandigulitsa akaunti uja. Nditamuimbira, nambala yake sinkapezeka, ndipo pa WhatsApp anali atandibuloka. Ndinalemba m'gulu muja mwaulemu, n'kuikamo umboni wa ndalama imene ndinatumiza, koma admini amene analandira ndalama yanga monga mkhalapakati anafufuta uthengawo n'kunena kuti ntchito yake inatha tsiku logulitsana, ndipo zochitika patapita miyezi iye sizimukhudza. Nditafunsa kuti nanga ndalama imene analandira inali ya chiyani, anandichotsa m'gululo. Patapita nthawi mnzanga amene anatsala momwemo ananditumizira zithunzi za akaunti imene inkatsatsidwa ndi nambala yachilendo. Dzina la timu anali atasintha, koma osewera anali anga, kuphatikizapo amene ndinawapeza ndi makoini a thukuta langa, ataphunzitsidwa momwe ndinawaphunzitsira ine, ndipo pansi pake admini yemwe uja analembapo kuti wogulitsayu ndi wodalirika. Anthu amenewa ndi akathyali opanda chisoni. Sakuba chifukwa cha njala ayi, amachita kukonza, kudikira kuti wogula anenepetse akauntiyo ndi ndalama zake, ndiye n'kuitenganso kuti aigulitse mokwera kwa wina. Munthu woti anandigwira chanza n'kunditcha akulu ankadziwa kuyambira tsiku lomwelo chimene adzachite. Ndikakumbukira mmene admini uja ankagwedezera mutu pa nkhani ya nambala ya amayi ija, mtima umandiwirabe.

Mmene amachitira si zamatsenga. Amene anatsegula akaunti ndiye amakhala ndi imelo yoyambirira, amadziwa nthawi imene anaitsegula ndi foni imene ankagwiritsa ntchito, ndipo malisiti onse a Google Play a zimene anagula poyamba ali kwa iye. Akalembera eni masewera kuti akaunti yake yabedwa n'kuonetsa zimenezi, umboni wake umaposa wanu, ngakhale mutasintha pasiwedi kangati. Ena amasiya akauntiyo ili yolumikizidwa kwina kumene inu simunayang'ane. Inuyo simungakadandaule kwa eni masewera, chifukwa malamulo amene tonse timavomereza osawerenga potsegula masewerawa amaletsa kugulitsa kapena kugula akaunti, ndipo mukanena kuti munagula mwadziulula nokha, akauntiyo ikhoza kutsekedwa. Kugula akaunti kuli ngati kugula nyumba kwa munthu amene akuchita lendi: akhoza kukupatsani makiyi, koma nyumbayo si yake, ndipo mwina wasunga makiyi ena. Zimenezi si za eFootball yokha. Kaya ndi Free Fire ya Garena ndi madayamondi ake, kaya PUBG Mobile ndi makoini ake otchedwa UC, kaya Clash of Clans ya Supercell, nkhani yake ndi imodzimodzi, ndipo zolumikizidwa ku Facebook n'zovuta kwambiri chifukwa mwini wake woyamba ali ndi njira zambiri zobwezeretsera tsamba lake.

Za phindu zimene akukuuzanizo musazimvere. Wosewera amene lero aliyense akumulira, chaka chamawa kumatuluka wosewera wina womuposa, ndipo wanu uja amasanduka wamba. Mtengo wa akaunti umatsika pamene ndalama zimene mukuthiramo zikukwera, ndipo wogula sawerengera zimene munataya pokoka osapeza kanthu, amangoona amene ali pabwalo. Ine ndinagula K120,000, ndinathiramo zoposa pamenepo, ndinagulitsa K200,000, kutanthauza kuti ndinali nditaluza kale ngakhale mbava ija isanabwerere. Komanso mukagulitsa, dzina limene limatsala m'manja mwa wogula ndi lanu, ndipo chilichonse chimene chingachitikire akauntiyo adzabwera nacho pakhomo panu.

Chenjeraninso ndi otsatsa makoini otchipa kwambiri. Ena amagula ndi makhadi akuba, kapena amagula n'kukapempha kuti ndalama yawo ibwezedwe, ndipo zikadziwika chilango chimagwera akaunti imene inalandira makoiniwo, osati iwo. Wina akakupemphani pasiwedi kapena nambala yotsimikizira imene yabwera pafoni yanu kuti akuikireni makoini, dziwani kuti mwamupatsa zonse.

Komabe ngati mtima wanu wakakamira pa Ronaldinho ameneyo, musagule kwa munthu wa pa intaneti chabe. Kumanani naye maso ndi maso, akhale munthu amene mukudziwa kwawo ndi abale ake, ndipo pakhale mkhalapakati, koma wosankha inuyo, osati wobwera ndi iye. Akupatseni imelo yoyambirira yeniyeniyo pamodzi ndi pasiwedi yake, muchotsemo nambala yake ya foni ndi imelo yobwezeretsera, muike zanu, ndipo muone kuti palibe foni ina imene yatsala yolowa. Malisiti akale akhale mu imelo imene akupatsaniyo. Dzina lotuluka potumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba lifanane ndi la pa chiphaso chake cha unzika, popeza masimu khadi amayenera kulembetsedwa m'maina a eni ake kuyambira mu 2018, ndipo akayamba nkhani za nambala ya amayi kapena ya mlongo, nyamukani muzipita. Lemberanani kapepala kosainirana pamaso pa mboni, ndipo musapereke ndalama yonse tsiku limodzi. Sungani mauthenga onse, chifukwa dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi milandu ya pa intaneti, ndipo kupolisi mudzafunika kupita ndi umboni wogwirika.

Chabwino koposa n'kutsegula akaunti yanuyanu n'kumaikulitsa pang'onopang'ono ndi makoini aulere amene amapereka pa zochitika za m'masewera momwemo, osathiramo ngakhale tambala. Ndi mmene ndikuchitira ine tsopano, kupatulapo mwezi watha pamene anatulutsa Gullit, amene sindikanatha kumusiya adutse, ndipo amene amasewera nane madzulo akudziwa mmene pakati panga palimbira. Mukaganiza zogula makoini, dziikireni malire ndalama isanachoke m'thumba, ndipo isakhale ya lendi, ya fizi kapena ya mpamba.

Nditumizireni kumbali nambala ya amene akukutsatsaniyo ndi zithunzi za timuyo, musaziike pagulu pano. Ndinasunga nambala ziwiri za anthu aja, ndipo ndikufuna ndizifananize musanachite chilichonse.